Kalulu Amene Ndinamupereka Mwaulemu

Bradford,
Lachisanu madzulo

Mwana wanga Takondwa,

Za moyo sindifunsa, popeza ndikukumva m'chipinda mwakomo ukukoka masutikesi ndi kulankhula ndi akalulu ngati akuyankha. Ndalemba m'Chichewa dala. Chingerezi umachiwerenga mothamanga ngati meseji ya pafoni, pamene Chichewa chimakugwira mwendo, umayenda nacho liwu ndi liwu. Ndi zimene ndikufuna.

Nkhani ndi imodzi. Mawa m'mawa amalume ako a Fanuel akubwera ndi galimoto kudzakuperekeza ku koleji ya kufupi ndi Hull, kumene wapeza malo ophunzira kusamalira nyama zodwala. Ine sindikwera nawo, mpando wanga watengedwa ndi katundu. Koma ndikudziwa zimene zili m'kabokosi ka kutsogolo kwa galimotoyo: mapepala a sukulu ya unamwino ya konkuno ku Bradford. Lamlungu lapitali, titatuluka m'tchalitchi, ndinawamva akukuuza kuti malo akadalipo, ndiponso kuti mwana wa malemu mlongo wawo sangathe zaka zitatu akuphunzira kutola manyi a akalulu. Ndinakumvanso iwe, maso pansi, manja kumbuyo, ukuti, "Chabwino, amalume, ndiganizapo." Takondwa, chabwino ameneyo ndimamudziwa. Anandiphera kalulu.

Ndine mayi ako aang'ono, ndimakuposa ndi zaka khumi ndi chimodzi zokha. Pamene amayi ako, achemwali anga, ankatisiya, ine n'kuti ndisanamalize n'komwe digiri. Takulira limodzi m'nyumba ya lendi ino, iwe ukulemba homuweki uko, ine ndikulemba yanga kuno. Ndiye malangizo a anthu aimvi usawayembekezere kwa ine. Ndili ndi zolakwa zokhazokha, ndipo ndikukupatsa zonse kuti usakavutike kuzipanganso.

Choyamba unachiona ndi maso ako. Unali ndi zaka khumi ndi ziwiri, patangotha miyezi yochepa chimwalirireni amayi ako, tsiku limene tinapeza katoni pafupi ndi mabini m'kanjira ka kuseri kwa nyumba. Pasaka inali itangodutsa, nyengo imene anthu kuno amagulira ana awo akalulu ngati zidole, n'kutopa nawo mwezi usanathe. M'katonimo munali kalulu woyera wa banga lakuda pamphuno, amene iwe unamutcha Chigamba. Ine ndinapinda manja a juzi, n'kumugwira makutu, n'kumunyamula m'mwamba monga ankachitira bambo athu pakhola lawo ku Ntcheu. Ndinkadziona katswiri. Sabata ziwiri ndinamudyetsa kabichi, karoti ndi buledi wotsala, mpaka anayamba kutsegula m'mimba. Titapita naye kwa a vetenale ndinamutulutsa m'basiketi ndi makutu omwewo, ndipo nesi wa ziweto, mayi wamfupi wa tsitsi lofiira, anandilanda ngati akulanditsa mwana pamoto. Anandiuza pamaso pako kuti makutu si zogwirira, kuti kalulu akaphiriphitha ali m'malere amatha kuthyoka msana, kuti chakudya chake chenicheni ndi udzu wouma, mulu wofanana ndi thupi lake tsiku lililonse, chifukwa mano ake sasiya kukula ndipo udzuwo ndi umene umawapera. Ndinatuluka ndikufuka utsi. M'basi ndinakuuza kuti mzungu ameneyo sanaonepo khola la akalulu chibadwire. Unali kalikiliki kulemba kuseri kwa lisiti zonse zimene ananena.

Ku koleji kumeneko akakudzudzula, mwina pamaso pa anzako. Ukalole. Koma usakasokoneze zinthu ziwiri: munthu amene akukudzudzula chifukwa ntchitoyo amaidziwa, ndi munthu amene akukubweza chifukwa anabadwa iwe usanabadwe. Nesi uja ndinayenera kumumvera, ndinachita makani. Ena ndinayenera kuwachitira makani, ndinawamvera. Ndinazitembenuza, mwana wanga. Usakazitembenuze.

Chachiwiri ndi phuma langa, limene umalidziwa kuposa aliyense. Chaka chimene ndinalandira digiri ndinalengeza kuti pofika Khirisimasi nyumba ino ikhala malo opulumutsira akalulu otayidwa. Aliyense woimba foni ndinkangoti bweretsani. Tinafika pa akalulu khumi ndi asanu ndi awiri m'nyumba ya zipinda ziwiri. Anatafuna waya wa firiji, anakumba kapeti wa pamasitepe, ndipo landilodi atabwera kudzakonza mpope anaima pakhomo osalowa, akungowerenga makutu. Koma chimene chimandiwawabe ndi cha amphongo awiri aja. Banja lina linkabwera Loweruka kudzatenga akalulu awiri ogwirizana, ine ndinalibe awiri ogwirizana, ndiye Lachinayi ndinangowaponya m'khola limodzi kuti adziwane msanga. Sipanathe mphindi, ubweya unali mbwee chipinda chonse, khutu la wina litang'ambika. Patapita miyezi, atachira ndiponso atafulidwa, unawatenga iwe. Unawaika m'bafa, malo amene palibe aliyense wa iwo akanati ndi kwake, mphindi khumi patsiku, iwe utakhala m'mphepete ndi buku la sayansi m'dzanja limodzi ndi chotolera zinyalala m'dzanja linalo, cholekanitsira akayambana. Sabata zisanu. Ine ndinkagogoda pachitseko kufunsa ngati zatheka, iwe n'kumandithamangitsa m'Chingerezi. Tsiku limene wina anaweramitsa mutu mnzake n'kumunyambita, unanditumizira chithunzi ku ofesi, wopanda ndi liwu limodzi lomwe.

Za phumalo sindipepesa kwenikweni. Ndimafunabe kuti zinthu zisinthe pofika Lachisanu, ndipo ndikaona kalulu atatsekeredwa m'kabokosi kuseri kwa nyumba, mvula ikumukwapula, sindiona chifukwa chodikira. Koma pakamwa ndi pa ine, manja ndi ako. Aliyense amene anakuonapo ukudula zikhadabo za kalulu wamantha, ukumukulunga m'thaulo mpaka atasiya kunjenjemera, sangafunsenso chimene uyenera kuphunzira. Amalume ako sanakuonepo. Akabwera kuno amakhala pabalaza, miyendo atainyamula kuopa kuti nsapato zingatafunidwe.

Chachitatu ndi chachifupi. Loweruka lina Chigamba anasiya kudya, anangodziunjika pakona, maso atatsinzina pang'ono. Ine ndinati tione mawa, monga timanenera kwathu pa matenda aliwonse amene sakukuwa. Iwe unalira mpaka ndinavala jekete. A vetenale anati tikanadikira Lolemba tikanabwera ndi mtembo, chifukwa m'mimba mwa kalulu mukaima theka la tsiku ndiye kuti imfa yagogoda kale, ndipo kalulu sabuula, amabisa ululu mpaka mapeto. Ndili chiimire pamenepo ndinakumbukira amayi ako, mmene ankapitira ku shifiti ku chipatala atamanga mpango m'chiuno mwamphamvu, tikawafunsa n'kumati ndi kutopa chabe. Iwenso ndiwe wa mtundu womwewo. Ukakafika uko zikakakuvuta, ukasiya kudya, ukayamba kudzitsekera, usakati tione mawa. Ukandiimbire tsiku lomwelo. Ndikubwereza: tsiku lomwelo.

Chachinayi ndi chimene ndakulemberera kalatayi, ndipo muli bodza limene ndakhala nalo zaka ziwiri. Ukuwakumbukira Pepa ndi Moli, akalulu akuluakulu aimvi aja. Ndinakawatenga ku Hull komweko, kwa mayi wina wokalamba amene ankasamukira ku nyumba yosungira okalamba, kumene ziweto saloleza. Anakhala nawo pabalaza pake zaka zisanu ndi ziwiri. Anandipatsa bulangeti lawo ndi kabuku kolembamo zimene aliyense amakonda, n'kundigwira dzanja kuti ndilonjeze kuti sindidzawalekanitsa. Ndinalonjeza.

Lamulo langa umalidziwa, popeza unandithandiza kulilemba. Wofuna kalulu amadzaza fomu, ine ndimapita kunyumba kwake ndi tepi yoyezera, ndimayeza malo, ndimayang'ana mawaya, ndimafunsa amene adzamusamale ana akadzatopa naye. Ndakanapo aphunzitsi, ndakanapo dokotala, ndinakanapo wapolisi atavala yunifolomu. Koma Lamlungu lina, pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero, anandiimitsa a Kachingwe, mkulu wa mpingo, amene anayendetsa mwambo wonse wa maliro a amayi ako. Anati adzukulu awo ku Salford akulirira akalulu, ndiwapatseko awiri, makamaka akuluakulu. Fomu inali m'chikwama changa. Ndinaikhudza ndi chala. Koma ndiuze, Takondwa, munthu woleredwa kwathu angayang'ane bwanji bambo wa imvi, amene analimbitsa mitima yathu pamaliro, n'kumuuza kuti ndibwera kaye ndidzaone ngati nyumba yanu ili yoyenera? Ndinapinda maondo pang'ono n'kunena kuti, "Chabwino, bambo." Ndinawanyamuliranso mpaka ku galimoto, pamodzi ndi bulangeti ndi kabuku komwe.

Patatha sabata zitatu kunali phwando la ubatizo wa mdzukulu wawo wamng'ono ku Salford. Iwe sunapite, unali ndi mayeso. Patebulo panali mpunga, nkhuku, tchipisi, ndi kapoto kena pambali ka akuluakulu. Mayi Kachingwe anandikoka dzanja, nkhope yonse ikuwala, n'kundipakulira okha m'kapotomo.

"Mulaweko, mayi a akalulu, ndi wanu uja. Wamphongoyo anali wonona bwanji, kaya mumawapatsa chiyani."

Sankandinyoza. Ankandiyamikira, ngati mmene umayamikirira munthu amene wakupatsa nkhuku yabwino. Ndinaika mbale pansi n'kufunsa kumene kunali winayo. Anati ali m'shedi kuseri, akudikira Khirisimasi. Ndinatuluka ndi diresi langa la chitenje lomwelo, nsapato zazitali zikumira m'kapinga, n'kumupeza Moli m'kireti ya mabotolo, mumdima, wopanda madzi. Ndinamuika m'jumbo ya kumsika, bulangeti lija pansi. Pageti ndinakumana ndi a Kachingwe, azibambo ena atatu ali pambuyo pawo ndi zakumwa m'manja.

"Mwana wanga, kalulu ndi ndiwo," anatero akuseka. "Mumafuna ndimugulire pilo?"

Azibambo aja anaseka. Ine ndinayankha kuti, "Bambo, ameneyu ndinamulandira ndi lonjezo. Ndikupita naye." Ndinakwera tiramu, kasitima ka m'misewu kaja, kenako sitima yaikulu, jumbo ili pamiyendo. Nditafika kuno ndinakuuza kuti Pepa wafa ndi matenda ndipo Moli wabwezedwa. Ndinakunamiza. Masiku anayi amene Moli ankakana kudya, akununkhiza ngodya iliyonse kufunafuna mnzake, iwe ukumumwetsa phala la udzu ndi sirinji, ine ndinkadziwa kumene Pepa anapita.

Tsono umvetsetse bwino, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. A Kachingwe si wakuba. Inenso ndinakula ndikudya akalulu a m'khola la bambo, ndipo ankakoma, sindingabise. Iwo anapempha monga amapemphera munthu wa kwathu kwa mnzake woweta, ndipo adzukulu anaseweradi nawo sabata ziwiri. Anati akufuna akuluakulu, ine ndinamva, ndipo pansi pa mtima ndinadziwa chimene munthu wa kwathu amafunira kalulu wamkulu. Funso limodzi lokha likanakwana. Sindinafunse chifukwa cha ulemu. Ulemu wanga unakhala bwinobwino, wosadetsedwa, koma analipira ndi amene analibe pakamwa. Mayi wa ku Hull uja ankandilembera kupempha zithunzi, ine n'kumamutumizira zakale, zimene ndinajambula awiriwo akadali limodzi, mpaka tsiku limene anesi a kumeneko anandiuza kuti wamwalira, ndisatumizenso. Ukamayenda m'misewu ya mzinda umenewo, ukadziwe kuti mayi ako aang'ono ananamiza munthu kumeneko mpaka imfa yake chifukwa cha chabwino mmodzi.

Amalume ako ndi eni mbumba, sindikutsutsa. Kwathu mawu awo ndi amene amamanga nkhani ya mwana wa mlongo wawo, ndipo iwo udindowo anabwera nawo pa ndege osausiya. Amakukonda. Agwira ntchito yosamalira okalamba zaka zonsezi mpaka msana unapindika, ndipo akamati unamwino amaona ntchito imene sidzakusowa, amaonanso amayi ako atavala yunifolomu. Unamwino si ntchito yaing'ono, ndipo amene angaunyoze pamaso panga ndilimbana naye. Koma amayi ako anausankha okha, atakana uphunzitsi umene bambo athu ankawakakamiza. Zimenezo amalume ako sakuuza. Ukavomera mawa, udzakhala nesi wabwino, chifukwa iwe chilichonse umachichita bwino, ndipo palibe adzadziwe kuti china chake chasiya kudya mkati mwako. Udzabisa mpaka mapeto. Ndi chimene ndikuopa.

Anthu a kutchalitchi alankhula, asiye. Ine akhala akundinena kuyambira kale: digiri yonse ija n'kumakatola manyi a akalulu, mtsikana wosakwatiwa wonunkha udzu, watengera za azungu. Amayi ena amati ndikanatsegula kampani yotumiza osamalira odwala ngati anzanga. Chaka chamawa bungwe langa lopulumutsa akalulu likhala litalembetsedwa, ndipo ndidzaima m'maholo omwewo amene amandisekeramo, kwa Amalawi, kwa anzathu a ku Zambia, kwa aliyense wogulira mwana kalulu pa Pasaka, kuwaphunzitsa m'chilankhulo chathu kuti kalulu wa m'nyumba amakhala zaka khumi, amafuna mnzake, amafuna katemera, sasambitsidwa, sanyamulidwa ndi makutu. Akaseka ndidzabwereza. Ndingakonde utadzabwera ndi satifiketi yako n'kuima pambali panga, sindikana. Koma umve izi: ukadzamaliza n'kuona kuti mtima wako uli pa akavalo, kapena ng'ombe za ku Ntcheu, udzandikane inenso. Ndine wamkulu kwa iwe, ndipo ndili ndi pakamwa potha kukumeza kuposa amalume ako. Udzandikane.

Ndinaona kuti n'zosayenera kukutuma chinthu chimene ine sindinachichitepo kwa achimwene anga. Miyezi itatu tsopano amalume ako akhala akundipempha kalulu mmodzi wa mwana wawo Yankho, ine n'kumangoti tiona, tiona. Ndi chabwino yemwe uja, wangovala malaya ena. Ndiye masana ano, nditaweruka ku ofesi, ndinakwera basi ndi fomu ndi tepi yanga. Anandilandira bwino, akuganiza kuti ndabwera ndi uthenga wa ulendo wamawa. Ndinapempha kuona malo. Ananditengera kuseri, kumene aika kakhola kamatabwa kogula pa intaneti, koti kalulu sangadumphemo katatu, pafupi ndi mpanda umene galu wa aneba amasuzumirapo. Ndinagwada pa simenti n'kuyeza, iwo ataima pamwamba panga. Ndinafunsa ngati angalole awiri, m'nyumba. Anati nyumba yawo si khola. Ndinapinda tepi, ndinaimirira, ndinapukuta maondo.

"Achimwene, ayi. Sindikupatsani kalulu."

Anavula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe Madalitso," anatero, "ndinakusintha matewera ine."

Ndinati ndikudziwa, ndipo ndimathokoza, koma yankho ndi lomwelo. Alamu anga anaphulika kuseka kukhitchini, kenako n'kunamizira chifuwa. Achimwene anandiperekeza mpaka pakhomo, nkhope ili ndwii. Ndili pa sitepe yomaliza anandiitana. Ndinati basi, temberero lafika. Anafunsa ngati sutikesi yako yaikulu ingalowe kumbuyo kwa galimoto kapena achotse mpando.

Sanafe, Takondwa. Sanandichotse m'mbumba. Akwiya, ndipo akwiyabe mpaka Khirisimasi, koma mawa eyiti koloko akhala ali pakhomo pano, thanki itadzaza.

Ndikanatha kukugulira tikiti ya sitima kuti uwazembe. Ndinaganizapo, ndinasiya. Ukawazemba mawa udzawazemba moyo wako wonse. Kwera galimotoyo. Akatsegula kabokosi kaja usadikire kuti amalize kuyala mapepala pamiyendo pako. Maso uyang'ane pansi ngati ukufuna, manja uwapinde, mawu uwafewetse, ulemu wonse umene amayi ako anakuphunzitsa ukhalepo. Koma unene kuti, "Amalume, ndamva ndipo ndathokoza, koma ndikupita ku Hull." Usawonjezere kuti ndiganizapo. Usati tiona. Akakhala chete, chetecho usachidzaze ndi kupepesa, chisiye chiyende nanu mpaka mufike.

Chigamba ndi Moli atsala kuno, usayese n'komwe kubisa mmodzi m'chikwama. Unawagwirizanitsa wekha m'bafa muja, ndipo lonjezo la kusalekanitsa ndinaliswa kamodzi, sindiliswanso. Udzu ndiwapatsa, madzi ndisintha, ndipo makutu sindigwira. M'thumba la m'mbali la sutikesi ndakuikira tepi yanga yoyezera. Ine ndigula ina.

Ukafika unditumizire chithunzi cha kiyi wa chipinda chako ali m'dzanja lako. Mawu usalembe, ndidzamva.

Pepala latha ine ndisanathe.

Mayi ako aang'ono,
Madalitso